Intaneti Yogawana Ikamachedwa: Mmene Mungawongolere Mzere wa Mapaketi pa Rauta

Kuno kuchigawo cha Tete, intaneti ya pamalo antchito nthawi zambiri imalowera khomo limodzi: modemu ya 4G yokhala ndi khadi la Movitel, Vodacom kapena Tmcel, mbale ya Starlink padenga, kapena chingwe cha fayiba kwa amene ali mumzinda wa Tete. Kuseri kwa khomo limenelo kumakhala anthu 10, 20 kapena kuposerapo, aliyense ndi foni yake. Dandaulo lawo ndi limodzimodzi, kaya ndi pashopu yosindikiza mapepala ku Ulongué, ku ofesi ya bungwe la alimi a mbatatesi ku Tsangano, kapena kunyumba yogona alendo ku Zóbuè. Mukayeza liwiro, nambala imaoneka yabwino ndithu. Koma wina akangoyamba kutumiza kanema, kuimbirana pa WhatsApp kumadukaduka, masamba amangozungulira osatseguka, mawu a pamsonkhano wa Zoom amafika mnzanu atayamba kale nkhani ina. Mwini malo amagula mamega ochuluka kapena kulipira liwiro lokwererapo, vuto n'kukhalabe pomwepo.

Kawirikawiri chimene chavuta si kuchepa kwa liwiro ayi. Ndi mzere wa mapaketi umene watalika m'kati mwa modemu, pamalo pamene inu mulibe ulamuliro. Ntchito yonse imene tikufotokoza pano ndi yosamutsa mzere umenewo kuti ubwere mu rauta yanu, chipangizo chogawira intaneti kwa anthu onse, kenako kuupatsa woyang'anira amene saulola kutalika. Akatswiri amautchula uyang'aniro umenewu kuti AQM (Active Queue Management).

Chimene chikuchitika m'kati mwa modemu

Chilichonse chimene mumatumiza pa intaneti chimadulidwa m'mapaketi, ndipo paketi yaikulu imakhala ya mabayiti 1,500, amene ndi mabiti 12,000. Tinene kuti madzulo modemu yanu ikutha kutumiza 2 Mbps basi, ndiye kuti mabiti 2 miliyoni pa sekondi. Paketi imodzi yaikulu imatenga mamilisekondi 6 kuti ituluke (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Koma laputopu yanu imaponya mapaketi ku modemu pa liwiro la 100 Mbps kapena kuposa, ndiye amene sanapeze mpata amasungidwa, kudikira nthawi yawo. Mapaketi 100 akaunjikana, paketi yofika kumapeto idikira mamilisekondi 600. Akakhala 250, idikira sekondi ndi theka. Pomwe kuti anthu awiri alankhulane bwino pafoni, mawu sayenera kuchedwa kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka kwa wina kufika kwa mnzake.

Zili ngati pachigayo nthawi yokolola. Chigayo chikugaya bwinobwino, mphamvu zake sizinachepe, koma mayi amene wabwera ndi kabeseni kamodzi ka mphale waima kumbuyo kwa munthu wa matumba 10. Kumanga khonde lalitali loti anthu ambiri azidikirirapo sikufulumizitsa chigayo, kumangotalikitsa kudikira. Opanga mamodemu anachita zomwezo: poti memori inatsika mtengo, anaika malo aakulu osungira mapaketi poganiza kuti kutaya paketi ndi tchimo. Jim Gettys ndi amene anatchukitsa dzina la matendawa, bufferbloat, mu 2010.

Chifukwa chimene mzere umadzazira mpaka pakamwa chili mu TCP, lamulo limene makompyuta amatsata potumizirana zinthu. Wotumiza sadziwa kukula kwa njira. Amayamba pang'ono, n'kumawirikiza kawiri mapaketi ake ulendo uliwonse umene yankho labwera, kenako kumawonjezera pang'onopang'ono, kufikira paketi ina itatayika. Kutayikako ndiye uthenga woti njira yadzaza. Akaumva amabwerera m'mbuyo: TCP yakale imadula theka, pomwe CUBIC, TCP yatsopanopo imene Linux ndi mafoni a Android amagwiritsa ntchito kwambiri, imatsika kufika pa 70 peresenti. Tsono modemu ikamangosunga osataya, uthengawo umachedwa, wotumiza amapitiriza kuthira, ndipo mzere umakhala wodzaza nthawi yonse imene kanemayo akupita. Ukadzaziratu, modemu imataya chilichonse chofika kumapeto mosasankha, kaya ndi chidutswa cha kanema kapena mawu a munthu amene akuimba foni.

Palinso china chimene ambiri sachizindikira. Mukamalandira fayilo, kompyuta yanu imabweza timapaketi ting'onoting'ono totsimikiza kuti zafika, totchedwa ACK. Timeneti timadutsa njira yotumizira. Njirayo ikadzaza ndi zithunzi za foni ya munthu mmodzi zimene zikupita ku Google Photos, kulandira kwa anthu onse kumatsika, ngakhale njira yolandirira ili pululu.

Woyang'anira uti

Njira yoyamba yodziwika inali RED, ya Sally Floyd ndi Van Jacobson mu 1993. Imayang'ana kutalika kwa mzere n'kumataya mapaketi apo ndi apo mzere usanadzaze. Ganizo lake linali labwino, koma imafuna kuti muike nambala zingapo zogwirizana ndi liwiro la njira, ndipo liwiro likasintha nambalazo zimakhala zolakwika. Mu marauta a MikroTik mudzaipeza, koma musavutike nayo.

Mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa CoDel, imene inasiya kuwerenga mapaketi n'kuyamba kuyeza nthawi. Paketi iliyonse imalembedwa nthawi imene yalowa, ndipo potuluka imaonedwa kuti yakhala nthawi yaitali bwanji. Ngati kwa mamilisekondi 100 athunthu palibe paketi imene yadikira nthawi yochepera mamilisekondi 5, CoDel imadziwa kuti uwu si mzere wongodutsa koma wokhazikika, ndipo imataya paketi imodzi. Wotumiza akapanda kumva, imatayanso ina pakapita mamilisekondi 100, kenako 71, kenako 58, kenako 50, kufupikitsa mpata mpaka mzere utatsika. Ubwino wake ndi woti mapaketi akabwera ambiri kamodzi n'kutha msanga, monga zimachitikira potsegula tsamba, siwakhudza.

FQ-CoDel inawonjezerapo kugawa. M'malo mwa mzere umodzi, imakhala ndi mizere 1,024, ndipo mapaketi a ntchito imodzi pakati pa chipangizo chimodzi ndi seva imodzi amalowa mzere wawowawo. Mizereyo imapatsidwa mpata mosinthana, ndipo mzere umene wangoyamba kumene kapena uli ndi mapaketi ochepa umadutsa patsogolo. N'chifukwa chake mawu a pafoni ndi mafunso a DNS, ofunsa adiresi ya tsamba limene mukutsegula, amathamanga popanda inu kulemba lamulo lililonse lowakondera. CAKE, imene inalowa mu Linux 4.19 mu 2018, inatenga zonsezi n'kuphatikizapo choletsa liwiro komanso kugawa molingana pakati pa zipangizo. Pa intaneti yogawana ife timalangiza CAKE. FQ-CoDel muisankhe pokhapokha rauta yanu ilibe CAKE kapena ndi yofooka.

Gawo loyamba: yezani musanakhudze chilichonse

Lumikizani laputopu ku modemu ndi chingwe, osati pa Wi-Fi, ndipo ena onse achoke kaye. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba:

ping -t 1.1.1.1

Pa Linux chotsani -t. Lamulo la ping limeneli limatumiza kapaketi ku seva n'kuyeza nthawi imene yankho latenga kuti libwere. Lisiyeni liyende mphindi imodzi, mulembe nambala imene ikubwera kawirikawiri. Imeneyo ndi nthawi ya ulendo njira ili yopanda katundu. Mbali yake yaikulu ndi mtunda: kuwala m'chingwe cha fayiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, ndipo maseva ambiri amene timawafuna ali ku Maputo, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja. Nambala imeneyi AQM siingaichepetse.

Ping ikuyendabe, yezani liwiro pa Speedtest kapena fast.com, maso anu ali pa ping. Lembani nambala zinayi: liwiro lolandira, liwiro lotumiza, ping pamene mukulandira, ndi ping pamene mukutumiza. Kusiyana kwa ping ya njira yopanda katundu ndi ya njira yodzaza ndiye kukula kwa vuto lanu. Kukakhala kochepera mamilisekondi 30, vuto lanu lili kwina, mwina pa Wi-Fi. Kukapitirira 100, kapena mukaona mizere yonena kuti yankho silinabwere, pitirizani ndi malangizowa.

Musayeze kamodzi. Nsanja ya 4G mumagawana ndi mudzi wonse, ndipo liwiro la 6 koloko m'mawa si la 7 koloko madzulo anthu ataweruka, kapena la tsiku lamsika. Yezani m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku atatu. Dziwaninso kuti kuyezaku kumadya mamega: pa 20 Mbps, masekondi 15 amatha pafupifupi 37 MB, choncho konzekeranitu.

M'zitsanzo zotsatirazi titenga njira imene mobwerezabwereza ikupereka 20 Mbps polandira ndi 5 Mbps potumiza.

Gawo lachiwiri: anthu onse adutse pa rauta imodzi

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Rauta imangolamulira mapaketi amene akudutsa mwa iyo. Modemu ya 4G ikasiyidwa ikuulutsa Wi-Fi yakeyake, abwana ndi anzawo awiri n'kumalumikiza kumeneko, mzere wa m'modemu udzadzazabe ndipo ntchito yanu yonse idzapita pachabe. Zimitsani Wi-Fi ya modemu. Chingwe chimodzi chokha chichoke ku modemu kupita ku poti ya WAN ya rauta, polowera intaneti. Ngati modemu ili ndi bridge mode, kapena bypass mode pa Starlink, imene imasiyira rauta yanu ntchito yogawa intaneti, itseguleni. Ngati ilibe, palibe vuto lalikulu, bola Wi-Fi yake yazima.

Rauta ikhale yotha kuyendetsa OpenWrt, pulogalamu ya Linux yoyendetsa marauta, kapena MikroTik yokhala ndi RouterOS 7, pakuti RouterOS 6 ilibe CAKE kapena FQ-CoDel. Ya OpenWrt ikhale ndi flash ya 16 MB ndi RAM ya 128 MB kapena kuposa. Timarauta takale ta RAM ya 32 MB tisiyeni. CAKE imagwiritsa ntchito purosesa pa paketi iliyonse. Pa liwiro lochepera 50 Mbps rauta yapakatikati imakwanitsa, koma pa Starlink kapena fayiba yopitirira 100 Mbps muyenera kuona mmene purosesa ikulemedwera poyeza. Kumadera otentha a m'mbali mwa Zambezi, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, musatsekere rauta m'kabati kapena kuipachika pafupi ndi malata.

Gawo lachitatu: sankhani nambala yotsikirapo

Mzere umapangika pamalo opanikiza kwambiri m'njira yonse. Panopa malowo ndi modemu, kapena nsanja ya kampani. Mukauza rauta kuti isatulutse mapaketi mofulumira kuposa mmene modemu ingathere, malo opanikiza amakhala rauta, mzere umasamukira mmenemo, ndipo wa m'modemu umakhala wopanda kanthu. Ndiye kuti mukupereka dala kachigawo ka liwiro kuti mugule ulamuliro. Eni malo ena zimawawawa kuona Speedtest ikutsika kuchoka pa 20 kufika pa 17. Afotokozereni musanayambe, ndipo muwaonetse ping m'malo mwa liwiro.

Potumiza yambani ndi 90 peresenti ya liwiro limene munayeza: pa 5 Mbps ndi 4,500 kbps (1 Mbps ndi 1,000 kbps). Polandira yambani ndi 85 peresenti: pa 20 Mbps ndi 17,000 kbps. Polandira timatsitsa kwambiri chifukwa mapaketi amakhala atadutsa kale njira yopanikizayo asanafike kwa inu. Rauta singawaletse kubwera, imangotaya ena kuti wotumiza wakutaliyo amve n'kuchepetsa, ndipo uthengawo umatenga nthawi kuti ukafike.

Nambala yoyambira ikhale yotsika mwa zimene munayeza nthawi imene anthu amagwiritsa ntchito intaneti, osati yapamwamba imene munaiona kamodzi usiku. Mukaika 17,000 pamene nsanja ikupereka 9,000, rauta sidzaona mzere uliwonse, ndipo zidzakhala ngati simunachite kanthu.

Gawo lachinayi: pa OpenWrt

Lowani pa tsamba la rauta, pitani ku System kenako Software, dinani Update lists, ndipo ikani luci-app-sqm, pulogalamu ya SQM yoyang'anira mzere wa mapaketi. Mukatsitsimutsa tsambalo mupeza SQM QoS pansi pa Network.

Pa Basic Settings chongani Enable, ndipo pa Interface name sankhani chipangizo chenicheni cha WAN. Onani dzina lake pa Network, Interfaces: likhoza kukhala wan, eth0.2, eth1, kapena pppoe-wan ngati mumalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi a kampani. Mukasankha br-lan, mbali ya zipangizo za m'nyumba, molakwitsa, kulandira ndi kutumiza zimatembenuka, ndipo mudzadabwa kuona kulandira kwatsika kufika pa 4.5 Mbps. Lembani 17000 pa Download ndi 4500 pa Upload. Nambalazi ndi za kbps. Mukalemba 17 poganiza kuti ndi Mbps, intaneti idzaima.

Pa Queue Discipline sankhani cake ndi piece_of_cake.qos. Pa Link Layer Adaptation sankhani Ethernet ndi overhead 44. Nambala imeneyi ikuimira mabayiti a pamwamba amene njira imawonjezera pa paketi iliyonse, amene CAKE siwaona koma amadya malo. Pa mapaketi aakulu kusiyana kwake n'kochepa, koma pa timapaketi ta mawu ta mabayiti 200 kumapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Kuika yokwererapo pang'ono kumangokutayitsani liwiro lochepa, pomwe kuika yotsika kumabwezera mzere ku modemu.

Kuti kugawa kukhale kwa chipangizo ndi chipangizo, bwererani ku Queue Discipline, chongani mabokosi awiri otsegula zosankha zapamwamba, ndipo m'malo awiri olembamo apansi lembani motere. Pa ingress, mbali yolandira:

nat dual-dsthost ingress

Pa egress, mbali yotumiza:

nat dual-srchost ack-filter

Mawu akuti nat amauza CAKE kuti iyang'ane adiresi yeniyeni ya foni kapena laputopu, chifukwa pa WAN zipangizo zonse zimaoneka ndi adiresi imodzi. Awiri a dual aja amagawa liwiro molingana pakati pa zipangizo kaye, kenako pakati pa ntchito za chipangizo chilichonse. Popanda kugawa kotere, mnyamata amene akukopa mafilimu ndi pulogalamu yotsegula njira 40 nthawi imodzi angathe kulanda gawo lalikulu kuposa mlembi amene akutumiza lipoti limodzi. Mawu akuti ingress amachititsa CAKE kuwerengera ngakhale mapaketi amene yawataya, pakuti nawonso anadya malo m'njira. Ndipo ack-filter imachotsa ma ACK obwerezabwereza amene ali pamzere. Imathandiza pamene liwiro lotumiza ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi lolandira. Ngati awiriwa ali pafupifupi ofanana, isiyeni.

Pomaliza pitani ku Network, Firewall, muzimitse flow offloading, ya software ndi ya hardware yomwe. Ya hardware imadutsitsa mapaketi kumbali osafika kwa CAKE n'komwe. Dinani Save & Apply.

Pa MikroTik

Yambani ndi FastTrack, njira yachidule yodutsitsira mapaketi, chifukwa imabwera yotsegula kale ndipo mapaketi ake amalambalala simple queue, malo amene tiikemo CAKE. Mu Winbox, pulogalamu yoyendetsera MikroTik, pitani ku IP, Firewall, Filter Rules, zimitsani lamulo la fasttrack connection, kenako yambitsaninso rauta kuti zolumikizana zakale zithe. Mukatero tsegulani New Terminal:

/queue type add name=cake-kutumiza kind=cake cake-diffserv=besteffort cake-flowmode=dual-srchost cake-nat=yes

/queue type add name=cake-kulandira kind=cake cake-diffserv=besteffort cake-flowmode=dual-dsthost cake-nat=yes

/queue simple add name=intaneti target=192.168.88.0/24 dst=ether1 max-limit=4500k/17M queue=cake-kutumiza/cake-kulandira

Sinthani 192.168.88.0/24 kuti igwirizane ndi maadiresi a pamalo anu, ndi ether1 kuti likhale dzina la WAN yanu. Pa max-limit nambala yoyamba ndi yotumiza, yachiwiri yolandira. Liwiro liikeni pa max-limit pokha, cake-bandwidth muisiye mmene ilili. Ngati muli kale ndi ma simple queue ena a munthu mmodzimmodzi, kumbukirani kuti paketi imagwidwa ndi lamulo loyamba limene ikugwirizana nalo kuchokera pamwamba. Malamulo akale oti aliyense asapitirire 1 Mbps ndi bwino kuwachotsa. Amamana munthu liwiro ngakhale ali yekha muofesi, pomwe CAKE imamupatsa njira yonse akakhala yekha n'kuigawa anzake akafika.

Tasankha besteffort mwadala. CAKE imatha kuika mapaketi m'magulu atatu kapena anayi potsata zizindikiro za DSCP, zonena kufunika kwa paketi, zimene mapaketiwo anyamula, koma zizindikiro zochokera kunja sizidalirika: makampani ena amazifufuta, ena amazisintha. Pamalo aang'ono kugawa kwa mizere kumakwanira kuteteza mawu.

Gawo lachisanu: yezaninso, kenako sunthani nambala

Bwerezani kuyeza kuja, ping ikuyenda. Cholinga ndi choti ping ya njira yodzaza isapitirire ya njira yopanda katundu ndi mamilisekondi oposa 20 kapena 30. Ngati ikukwerabe, tsitsani nambala ya mbali imene yavutayo ndi 5 peresenti n'kuyezanso. Ngati ili bata, kwezani ndi 2 kapena 3 peresenti mpaka muone ikuyamba kudumpha, ndiye bwererani sitepe imodzi. Sinthani mbali imodzi pa nthawi, kutumiza kaye kenako kulandira, apo ayi simudziwa chimene chathandiza.

Pa OpenWrt lowani ndi SSH, njira yolembera malamulo mu rauta muli pa laputopu, mulembe lamulo ili, kuika dzina la WAN yanu m'malo mwa eth1:

tc -s qdisc show dev eth1

Mbali yolandira ili pa chipangizo chotchedwa ifb4eth1. Yang'anani av_delay ndi pk_delay, zimene zikuonetsa kudikira kwa mapaketi m'kati mwa CAKE, komanso drops ndi marks. Musaope kuona drops ikukwera pang'onopang'ono. Umenewo ndiye uthenga uja ukupita kwa otumiza, ndipo TCP imatumizanso paketi yotayikayo. Chodetsa nkhawa ndi kuona drops ili pa 0 pamene njira yadzaza ndipo ping yakwera: ndiye kuti mzere uli kwina, nambala zanu zakwera kwambiri kapena mwasankha chipangizo cholakwika. Marks ndi mapaketi amene m'malo motayidwa aikidwa chizindikiro cha ECN, njira imene inakhazikitsidwa mu 2001 youzira wotumiza kuti achepetse popanda kutaya kanthu. CAKE imachita zimenezi yokha ngati mbali zonse ziwiri zavomereza ECN.

Kuyeza kotsiriza kukhale kwa ntchito yeniyeni. Foni imodzi itumize kanema wamkulu, laputopu ikope fayilo, ndipo munthu wachitatu aimbe pa WhatsApp kwa mphindi zitatu.

Liwiro likamasinthasintha

Pa fayiba nambala imodzi imakwanira chaka chonse. Pa 4G ndi Starlink sizili choncho, ndipo ili ndi gawo lovuta kwambiri pa nkhani yonseyi. Nsanja imagawa mpata malinga ndi kuchuluka kwa anthu ndi mphamvu ya siginolo. Starlink imasintha kalumikizidwe kake ndi masetilaiti masekondi 15 aliwonse, ndipo mvula yamphamvu ya mu Januwale imatsitsa liwiro lake. Nambala yokhazikika imakhala yokwera kwambiri nthawi ina, yotsika kwambiri nthawi ina.

Chophweka ndi kuika nambala ya nthawi yovuta n'kuvomereza kutaya liwiro la m'mawa. Kwa ofesi imene ntchito yake ndi maimelo, mafomu ndi misonkhano, 8 Mbps yosachedwa imagwira ntchito bwino kuposa 20 Mbps yodukaduka. Ngati pa zimene munayeza mwaona kuti liwiro limatsika pa ola lodziwika, MikroTik ikhoza kusintha yokha:

/system scheduler add name=madzulo start-time=17:00:00 interval=1d on-event="/queue simple set intaneti max-limit=2500k/8M"

Pangani lina la m'mawa lobwezera nambala zapamwamba. Onetsetsani kuti NTP client, imene imakonza wotchi ya rauta, ndi yotsegula ndipo chigawo cha nthawi ndi Africa/Maputo, chifukwa marauta ambiri alibe batire la wotchi, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso nthawi imasokonekera. Dziwaninso kuti magetsi akakhala atazima pa 17:00 penipeni, lamulolo silichitika tsiku limenelo. Ka UPS kakang'ono, kabatire kosungira magetsi a rauta ndi modemu, kamathetsa zonsezi.

Pa OpenWrt pali cake-autorate, pulogalamu imene imatumiza ma ping kosalekeza ku maseva angapo, n'kumatsitsa liwiro la CAKE ikaona kuchedwa kukukwera, ndi kulikweza njira ikakhala yodzaza koma yosachedwa. Mumaipatsa nambala zitatu mbali iliyonse: yotsikitsitsa, ya nthawi zonse, ndi yapamwamba. Yotsikitsitsa ikhale imene njira yanu imakwanitsa ngakhale pa nthawi yoipitsitsa, mwachitsanzo 5,000 polandira, ya nthawi zonse 12,000, yapamwamba 20,000. Muiike pokhapokha SQM wamba itayamba kale kuyenda bwino. Ma ping akewo amadya mamega pang'ono usana ndi usiku, choncho wa phukusi lowerengera aziyang'anira.

Musanalimbane ndi mapulogalamu, konzani siginolo. Modemu yoikidwa pawindo loyang'ana kunsanja, kapena mlongoti wakunja wolozetsedwa bwino, imachepetsa kusinthasintha kumene mukulimbana nako. Kumapiri a Angónia ndi Macanga, mlongoti wapamwamba umafuna waya wopita pansi woteteza ku mphezi.

Njira zochedwa kwambiri ndi zakutali kwambiri

Pa 1 Mbps paketi imodzi yaikulu imatenga mamilisekondi 12, kuposa malire a 5 aja a CoDel. FQ-CoDel ikasiyidwa choncho imataya mapaketi mopitirira muyeso ndipo liwiro limagwa. Ngati mukuika FQ-CoDel pamanja pa njira yochepera 3 Mbps, kwezani target, malire a 5 aja, ifike nthawi ya paketi imodzi ndi theka, monga mamilisekondi 18 pa 1 Mbps. CAKE imawerengera yokha kuchokera pa liwiro limene mwaiuza, koma pa MikroTik, pamene liwiro lili pa max-limit, kwezani cake-rtt kufika 200ms mukaona kutaya kwachuluka.

Mamilisekondi 100 aja anasankhidwa poganizira ulendo wamba wa pa intaneti. Ngati ntchito yanu yambiri imapita ku maseva a ku Ulaya, kumene ping imafika 200 kapena kuposa, ndipo mwaona kuti kukopa fayilo imodzi sikufika pa liwiro limene munaika, onjezani rtt 200ms pa mizere iwiri ija ya ingress ndi egress. Pa VSAT, intaneti yakale ya setilaiti, imene setilaiti yake ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo ping yake ndi pafupifupi 600, lembani satellite. Starlink si ya gulu limenelo, masetilaiti ake ali pafupi, choncho musaiikire mawu amenewa.

Ping ikakhala bwino pachingwe koma anthu akudandaulabe

Ndiye kuti mzere wina uli pa Wi-Fi. Foni imene ili kutali, kuseri kwa makoma awiri a njerwa, imalankhula ndi rauta pa liwiro lotsika kwambiri ndipo imatenga nthawi yaitali ya mumpweya, ena onse akudikira. Kuti mutsimikize, imani pamene pali wodandaulayo n'kuchita ping ku adiresi ya rauta yeniyeniyo. Iyenera kukhala pansi pa mamilisekondi 10. Ikamafika 100, SQM ya pa WAN singathandize. Kokani chingwe muike access point, choulutsira Wi-Fi china, pafupi ndi anthuwo, sunthirani mafoni amene angathe ku 5 GHz, ndipo pa 2.4 GHz gwiritsani tchanelo 1, 6 kapena 11 ndi m'lifupi mwa 20 MHz. Zokuzira siginolo zopanda chingwe zimadula liwiro pafupifupi theka chifukwa paketi iliyonse imaulutsidwa kawiri. OpenWrt pa mawailesi a Wi-Fi a mitundu ya ath9k ndi mt76 ili kale ndi FQ-CoDel m'kati mwa Wi-Fi pamodzi ndi kugawa nthawi ya mumpweya molingana, ndipo ichi ndi chifukwa chokwanira choyang'anira mtundu wa wailesi pogula rauta.

Chimodzimodzi ngati mwaponya intaneti ndi mawailesi awiri kuchoka ku ofesi kupita kusukulu kapena kuchipatala chaching'ono cha pamtunda wa makilomita angapo. Ulalo umenewo ukakhala wochedwa kuposa intaneti yolowa, ndiwo malo opanikiza, ndipo ukufunika CAKE yakeyake mbali zonse ziwiri, pa 85 peresenti ya liwiro limene ulalowo umapereka tsiku la mvula.

Purosesa ikamafika 100 peresenti poyeza, zimene mungaone pa System, Resources mu Winbox kapena ndi lamulo la top pa OpenWrt, liwiro limaima pansi pa nambala yanu ndipo ping imadumphadumpha. Yesani fq_codel ndi simplest.qos, imene ndi yopepukirapo. Zikakanikabe, ikani 0 pa Download kuti rauta iziyang'anira kutumiza kokha, kumene kawirikawiri ndi kumene mzere umatalika kwambiri, kufikira mutapeza rauta yamphamvu.

Zonse zikakhazikika, sungani backup ya rauta, ndipo lembani papepala tsiku, nambala zimene munayeza ndi zimene mwaika, mulimate pakhoma pafupi ndi rautayo. Yezaninso mukasintha phukusi, khadi kapena malo a modemu, komanso mvula ikayamba.